Zimbale Zimene a Symon Anabwereketsa

Pa Ngabu, kuseri kwa mtengo wa nimu pamene anyamata a shapa amaimika njinga zawo podikira anthu oti awanyamule, pali kanyumba ka malata kopaka utoto wobiriwira. Masiku ano muli mayi wina wogulitsa mayunitsi ndi matchaja a foni. Koma mukayang'anitsitsa pamwamba pa chitseko, pansi pa utoto watsopanowo, zilembo zakale zikuonekabe: S. KAMPIRA, MAGEMU OGULA NDI OSINTHA. Kwa zaka khumi ndi zitatu kanyumbako kanali ka a Symon Kampira, ndipo panalibe china pansi pano chimene bambowa ankaopa kutaya kuposa iko.

A Symon anabadwira kwa Kasisi, m'banja la alimi a thonje. Sukulu analekera Sitandade 8. Chaka chimene anthu anavotera zipani zambiri iwo anali kale ku Nchalo akudula nzimbe, ndipo anadula mpaka msana unayamba kukana. Kenaka bwana wina wa pa esiteti anawatenga kuti azisesa pabwalo ndi kuthirira maluwa. M'nyumba imeneyo ndi mmene anaonera koyamba makina a gemu, aja olumikiza ku wailesi ya kanema, ana a bwana akukuwa pamphasa ngati alumidwa ndi chinkhanira. Bwanayo atasamutsidwa mu 2004, mkazi wake anaona kuti makinawo ndi akale, osayenera kulowa m'katundu. Anawapatsa a Symon, pamodzi ndi katoni ya zimbale makumi atatu.

Iwo gemu sankaitha. Zala zawo zinali zitauma ndi chikwanje, moti akati adine batani limodzi ankadina atatu. Moyo wawo wonse sanamalizepo gemu ngakhale imodzi, ndipo sankabisa. Makinawo anagulitsa kwa Lackson, mwini vidiyo ya pa Ngabu, munthu wa mimba yaikulu ndi pakamwa posatopa, amene ankafuna choti anthu azichita masana filimu isanayambe. Anamupatsa ndi chimbale chimodzi cha mpira, zinazo anasunga. Patapita milungu itatu Lackson anawapeza.

"Achimwene, ya mpira ija makasitomala atopa nayo. Tengani, mundipatse ina. Ndiwonjezerapo kangachepe."

"Ndiitenge ndikaitani?"

"Mukagulitsa kwa wina amene sanatope nayo! Kodi nzeru munazisiya m'nzimbe?"

Malonda anayamba choncho. Poyamba ankayala zimbale pa thumba pansi pa nimu, ndipo mu 2006 anapeza kanyumba kaja. Kamodzi pamwezi ankakwera minibasi, kudutsa pa Thabwa, kukwera mapiri mpaka ku Limbe, kumene ankadikira anthu otsika mabasi a ku Joni. Obwera kumeneko sankasowa zimbale zakale m'zikwama, zimene ana a mabwana awo anatopa nazo.

Chimbale chikafika m'manja mwawo, a Symon ankatuluka nacho panja n'kuchipendeketsa padzuwa, diso limodzi atatsinzina. Ankadziwa kusiyanitsa kukandika kwa pamwamba, kumene kumachira, ndi kwakuya kumene sikumva mankhwala. Mankhwala akewo anali awiri basi, kadontho ka mankhwala otsukira mano, oyera aja, ndi thonje. Osati thonje la kuchipatala. Linali la m'munda mwa akazi awo, a Esinala, lothyola koyamba, lisanagwe pansi n'kutola mchenga. Ankachotsa njere ndi zala, n'kumapukuta kuchokera pakati kupita m'mphepete, mowongoka.

"Mukazungulira mwachipha," ankatero kwa aliyense woima kuonerera, ngakhale amene sanafunse.

Mu Okutobala, pamene malata a pa Ngabu amatha kuwotcha dzanja, zimbale za anthu ena zinkapindika ngati tsamba louma. Za a Symon ayi. Iwo anakwirira mitsuko iwiri ikuluikulu mu mchenga pakona ya kanyumbako, ndipo m'mawa uliwonse ankathira madzi pamchengapo. Zimbale zinkakhala m'mitsukomo, mozizira. Pachingwe ankapachika zikuto zokha, za zithunzi za osewera mpira, magalimoto othamanga ndi zimphona zomenyana. Munthu ankaloza chikuto, iwo n'kugwada pamtsuko.

"Tatitungireni ya nkhonya, a Kampira," anyamata a shapa ankatero. "Koma ikhale yozizira."

Ogula anali eni tinyumba ta gemu a ku Nchalo, Miseu Folo, Sorgin mpaka Bangula, aphunzitsi ena, ndi amakalaliki a pa esiteti ogulira ana awo. Wotopa ndi chimbale ankachibweza, kuwonjezera pang'ono, n'kutenga china. Chikabwerera, a Symon ankachipukuta, n'kuika kadontho ka bolopeni mkati mwa chikuto. Zina zinali ndi timadontho tisanu ndi tiwiri. Chimbale chimodzi chinkawadyetsa kangapo, ngati mbuzi yoswa chaka ndi chaka.

Sikuti analemera. Nyumba yawo inali ya njerwa zosawotcha, ndipo chakudya chambiri chinkachokera m'munda mwa a Esinala. Nthawi yothyola thonje mayiwa ankadandaula kuti manja akuchepa.

"Bambo a Pilira, tsekani masiku awiri okha. Thonje likugwa."

"Khasu ndi chikwanje ndinatsanzikana nazo, mayi a Pilira. Lembani aganyu."

A Esinala ankang'ung'udza, koma thonje loyamba ankalipatulabe m'kajumbo. Ankadziwa chimene kanyumbako kanali kwa amuna awo. Ku nzimbe ankawaitana ndi nambala, kwa bwana ankangoti "iwe". Pa kanyumba kobiriwira aphunzitsi a sekondale ankaima pakhomo n'kufunsa kuti, "A Kampira, ichi chichira?" ndipo ankadikira yankho.

Mu Januwale 2015 madzi anasefukira chigwa chonse. Pa Ngabu penipeni sanawononge kwambiri, koma kumunsi anakokolola midzi. Patapita masiku angapo, pakhomo pa a Symon panafika Damiano, mlongo wawo wa a Esinala, wochokera kwa Malemia ku Nsanje. Anali bambo wa zaka makumi atatu, wa mkazi ndi mwana mmodzi, amene anawasiya pa msasa pasukulu ina. Kwawo anali ndi kashopu kotchajira mafoni ndi kuthira nyimbo. Kashopuko kanapita ndi madzi, nyumba chimodzimodzi, mbuzi chimodzimodzi. Chimene anapulumutsa ndi laputopu yokha, imene anaikulunga m'majumbo n'kuisenza pamutu madzi akumufika pachifuwa.

A Symon anamulandira bwino, monga munthu amachitira ndi mlamu wake. Anamupatsa khonde la kanyumba kaja kuti aikepo tebulo, azithira anthu nyimbo m'mafoni. Koma pa Ngabu othira nyimbo analipo kale atatu, ndipo Damiano ankangokhala tsiku lonse akuingitsa ntchentche.

M'mawa wina, a Symon akuthirira mchenga, a Esinala atabweretsa tiyi, Damiano anayamba nkhani.

"Alamu, pali chinthu ndinaphunzira kwa anzanga a kutsidya ku Mozambiki. Makina a gemuwa atha kusewera popanda chimbale."

"Popanda chimbale asewera chiyani, mphepo?"

Damiano anatulutsa fulashi m'thumba, kanthu kakang'ono ngati chala. Anafotokoza kuti gemu imachoka m'chimbale kulowa mu laputopu, kuchoka apo n'kuithira mu fulashi. Akakonza kakhadi kena kolowetsa m'makina, makinawo amawerenga fulashiyo ngati chimbale.

"Ndiye chimbalecho chimatsala chopanda kanthu?"

"Nkhabe, alamu," anakana Damiano m'Chisena chakwawo. "Chimatsala monga chinalili. Palibe chimachoka."

"Nanga bwanji osayamba?"

"Magemuwo ndilibe. Kukoka imodzi pa intaneti yathu ino ndi masiku atatu, bandulo yake mtengo wa mbuzi." Damiano anayang'ana pakona, pamene panali mitsuko, kenaka anayang'ana pansi.

Kuchigwa kuno madzi akaphwa amasiya matope a chonde, ndipo aliyense amathamangira kubzala mbatata kuti njala isamupeze. Munthu amene dimba lake lapulumuka sakaniza mnzake mbewu, ndipo saigulitsa. Amangoti lowa udule, chifukwa podulapo pamaphukanso, ndipo chaka cha mawa madzi akhoza kudzera kwa iye. A Symon anakula akuona zimenezi. Bambo awo anayendapo kuchokera kwa Kasisi tsiku lathunthu kukapempha mbewu kwa munthu wosamudziwa, ndipo anabwera ndi mtolo pamutu. Ndiye atamva kuti m'chimbale simuchoka kanthu, nkhani inathera pomwepo mumtima mwawo. Iyi inali mbewu, ndipo wopemphayo anali munthu wa madzi.

"Tengani," anatero.

Damiano sanasangalale msanga. Anazunguza fulashi ija m'zala.

"Koma alamu, muganize bwino. Anthu akazolowera kanthu aka..."

"Akazolowera atani? Munthu angasiye chinthu chogwirika, cha chithunzi pachikuto, n'kukhulupirira kachala ka mwana? Tengani inu. Langa ndi limodzi. Chikakandika chimodzi chokha, mlongo wanuyu ndimubweza kwa Malemia, ng'ombe zanga za lobola zibwere."

"Ng'ombe ziti?" anatero a Esinala akutola makapu. "Ija ya nthiti zowerengeka inafera panjira?"

Anaseka onse atatu. Damiano anawomba m'manja kawiri, akuthokoza m'Chisena. "Takhuta, alamu. Takhuta."

Ntchitoyo inatenga milungu isanu ndi umodzi, chifukwa magetsi ankangozimazima. M'mawa a Symon ankatulutsa zimbale khumi kapena khumi ndi ziwiri, n'kuzipereka zokulunga m'chitenje. Dzuwa likapendeka Damiano ankazibweza. A Symon ankatuluka nazo panja chimodzichimodzi, kupendeketsa, kutsinzina diso, kufunafuna pokandika. Amene tinkagulitsa masawu ndi malambe moyandikana nawo tinkawaona tsiku ndi tsiku ali chiimire padzuwa, thukuta likutsika m'khosi. Zimbale zonse zinali mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri. Zinabwerera zonse, popanda chokandika ngakhale chimodzi.

"Mlamu wangayu ndi munthu," a Symon ankauza anthu. "Wabweza katundu wanga yense, wosasowa, wosavulala."

Woyamba kuyesa anali Lackson. Iye anali ndi makina atatu amene diso lake lowerengera chimbale linafa ndi fumbi, ndipo anali atangowaponya pansi pa benchi. Anabweretsa amodzi pakhondepo, atanyamula m'khwapa ngati nkhuku yakufa. Damiano analowetsa kakhadi kaja, analowetsa fulashi, ndipo pa kanema panatuluka mndandanda wa maina. Anasankha limodzi, mpira unayamba.

"Aa! Maliro adzuka!" anakuwa Lackson. "Muli magemu angati m'kachala aka?"

"Khumi ndi awiri. Mukabweretsa kakakulu ndithira makumi atatu."

"Sikakandika?"

"Nkhabe."

"Sikapindika ndi dzuwa?"

"Nkhabe."

Anyamata a shapa anasiya njinga kudzaona. A Symon nawo anawomba m'manja pamodzi ndi onse, akumwetulira, akuuza aliyense kuti ameneyu ndi mlamu wawo.

Lackson sanabwerenso kudzasintha chimbale. Ankadutsa pamsewu n'kukweza dzanja, "Wawa a Kampira!" osapatuka. A Symon sanade nkhawa. Miyezi imeneyo malonda amakhala ozizira chaka chilichonse, anthu akudikira kukolola. Iwo ankadikira Juni, pamene sikelo za thonje zimapachikidwa ndipo pa Ngabu pamayenda ndalama.

Juni anafika, sikelo zinapachikidwa. Anthu anabweradi pa kanyumba kobiriwira, ambiri kuposa chaka china chilichonse. Ankafika, kupereka moni mwaulemu, "Muli bwanji a Kampira," kenaka n'kuwafulatira, kuwerama pa tebulo la Damiano. A Symon ankakhala pa mpando wawo mkati, akuona misana. Zikuto za pachingwe zinayamba kuchita fumbi, ndipo iwo ankazipukuta kawiri patsiku.

Chimene chinawatsegula maso chinali chaching'ono. Mwa zimbale zawo munali chimodzi cha mpira chimene chinali ndi bala lakuya, limene thonje linalephera. Chinkasewera bwinobwino, koma timu ikagoletsa, mawu a wolengeza ankakakamira pamodzi, kubwereza katatu ngati wachibwibwi, kenaka n'kupitirira. A Symon ankachidziwa chimbalecho ngati mmene munthu amadziwira chifuwa cha mwana wake. Tsiku lina anapita ku Bangula ku maliro a mnzawo wa ku nzimbe. Podikira minibasi yobwerera, anamva phokoso kuchokera m'kanyumba ka mabango kutsidya la msewu. Wina anagoletsa, anthu anakuwa, ndipo wolengeza anachita chibwibwi katatu.

Anawoloka msewu n'kusuzumira. Mwini wake sankamudziwa, sanamugulitsepo kanthu.

"Gemu imeneyi munaitenga kuti, achimwene?"

"Kwa mnzanga wa ku Sorgin, madala. Iye anaitenga ku Nchalo. Mukuifuna? Bweretsani fulashi."

Chimbale chenichenicho chinali pa Ngabu, mumtsuko, chozizira bwino. A Symon anakwera minibasi yobwerera kwawo. Pa Miseu Folo sinali njira yawo, koma m'mutu mwawo ankamumva wachibwibwi uja akulengeza kumeneko, ndi ku Nchalo, ndi kwa Kasisi komwe.

Damiano sanali wakhungu. Ankaona mmene mlamu wake ankakhalira duu mkatimo, ndipo zinkamuwawa. Iye anali atatenga kale mkazi ndi mwana ku msasa, akuchita lendi kachipinda kuseri kwa msika. Masana ena, anthu atachepa, analowa m'kanyumbamo n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Alamu, zimbale zanu ndi zimene zandidzutsa. Sindingadye ndekha inu mukuyang'ana. Tiyeni tiphatikize. Tebulo ndilowetse muno, ndikuphunzitseni kuthira. Sizovuta. Dzina pachitseko likhale lanu lomwelo."

Anali mawu abwino, ndipo akanabwera tsiku lina mwina akanalowa. Koma dzulo lake a Symon anali atayesa kugwira laputopu ija Damiano atapita kukadya. Kasitomala anali atadikira, iwo anati amuthandize. Chala chawo chinaterereka, zinthu zinatseguka zambirimbiri pa kanema, ndipo mnyamata wina wa shapa anati, "A Kampira, imeneyo sapukuta ndi thonje!" Khonde lonse linaseka. Iwo anasekera limodzi, koma usiku tulo sanatione bwino.

"Mundiphunzitse," anatero a Symon, osamuyang'ana. "Pakhomo panga pomwe, ndikhale mwana wa sukulu."

"Si choncho, alamu."

"Ndinakupatsani mbewu. Simunandiuze kuti mukudzabzala kaufiti m'munda mwanga."

"Ndinakuuzani. Tsiku lija ndinati muganize bwino."

"Munanena motsitsa mawu, dzanja mutatambasula kale." A Symon anaimirira n'kuyamba kukonza zikuto zimene zinali zokonzeka kale. "Chotsani tebulo lanu pakhonde langa."

Damiano anadzuka pa ndowapo, anamasula mawaya ake, anasenza tebulo n'kuwoloka nalo msewu. Anakaliika pakhonde la telala, moyang'anizana ndi kanyumba kobiriwira, chifukwa malo ena panalibe. Anthu anamutsatira kumeneko. Tsopano a Symon sankaonanso ngakhale misana.

A Esinala sanakangane ndi amuna awo. Anangofunsa funso limodzi, akusankha nyemba pa lichero.

"Bambo a Pilira, mwamuthamangitsa chifukwa anaba, kapena chifukwa anabweza?"

Funsolo mayiwa sanalibwerezenso. Chakudya cha mlongo wawo ankachipereka kudzera njira ya kuseri kwa msika.

Damiano naye sanadye nthawi yaitali. Pofika chaka chotsatira, aliyense wa laputopu kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Nsanje anali ndi magemu omwewo, ndipo eni tinyumba ta gemu ankangothirirana okha ulere. Mtengo wothira gemu unatsika mpaka kufanana ndi wa mandasi. Kumapeto kwa 2016 Damiano anatenga banja lake kupita ku Tete kukakonza mafoni. Anabwera kudzatsanzika, anaima pakhomo pa kanyumba kaja chipewa chili m'manja. A Symon anati, "Muyende bwino," ali chigwadire pamtsuko.

Iwo anakakamirabe. Mwezi wina ankagulitsa zimbale zitatu, mwezi wina chimodzi, kwa anthu a kumidzi yakutali amene nkhani ya fulashi inali isanawafike. A Esinala anawaumiriza kuti aziikamo mabatire, matochi ndi machesi, ndipo ndi zimenezo zinkalipira malowo. Koma munthu akalowa kufunsa machesi, a Symon ankamupatsa ngati akumupatsa chinthu cha eni ake. Mchenga ankauthirirabe m'mawa uliwonse. Mumtima ankati vuto ndi lakuti zimbale zawo ndi zakale, zonse zinakopedwa. Atapeza za makina atsopano, zimene palibe anazikopa, anthu adzabweranso, ndipo ulendo uno sadzabwereketsa munthu ngakhale wa madzi.

Ndi maganizo amenewo anakwera kupita ku Limbe mu Disembala 2018, mwezi umene a ku Joni amabwera kudzadya Khirisimasi. Anadikira mabasi atatu osapeza kanthu. M'basi yachinayi munatsika Nicholas, mwana wa mphunzitsi wina wa pa Ngabu, amene kale ankabwera ndi bambo ake kudzaloza zikuto. Tsopano anali bambo wa ndevu, wogwira ntchito m'hotela, atakumbatira katoni ya makina atsopano.

"A Kampira! Mukadali pa ntchito yomweyi?"

"Ndikadali. Amenewa ndiwo makina atsopano aja? Zimbale zake zili kuti?"

"Ndilibe, madala. Magemu ndinagula pa intaneti, analowa okha."

"Okuba aja?"

"Ayi, ogula ndithu, ndi ndalama zambiri."

"Chabwino. Amene mwatopa nawo mundigulitse."

Nicholas anaseka, koma ataona nkhope ya a Symon analeka.

"Sizitheka, madala. Ali m'dzina langa. Sindingawachotse kuti ndikupatseni."

"Chinthu munagula nokha?"

"Eya."

"Ndiye mukatopa nacho mumatani?"

"Chimangokhala momwemo."

"Nanga mukafa, abale agawana chiyani?"

"Aa, madala, ndangofika kumene, mwayamba kundiika m'manda?"

A Symon anamuthandiza kunyamula chikwama mpaka pa minibasi. Anakwera limodzi, iwo chikwama chawo chili chopanda kanthu pamiyendo. Potsetsereka mapiri, pamene chigwa chonse chimaoneka pansi, Shire akunyezimira pakati pa minda, anali akuganizabe. Kukopa kunadya zimene anali nazo kale, ndipo zimenezo anazimvetsa. Koma izi zinali zina. Kumene kunkachokera katundu wawo kunali kutatsekedwa. Ana a mabwana azitopabe ndi magemu monga kale, koma sipadzakhala choti wantchito atole n'kuika m'chikwama.

Atafika kunyumba anakhala pakhonde n'kuitana akazi awo.

"Mayi a Pilira, Damiano uja ndikanamumvera."

A Esinala sananene kuti ndinanena. Analowa m'nyumba, anabwera ndi foni, anaimbira Damiano okha n'kuwapatsa.

"Alamu," anatero a Symon. "Mwana akukula?"

"Akukula, alamu. Wayamba sukulu."

"Pyadidi." Linali liwu la Chisena lotanthauza kuti zabwino, limene a Symon sankalitchula kawirikawiri. Anatsokomola. "Ntchito ija munkati mundiphunzitse."

Kutsidya Damiano anayankha mosazungulira.

"Alamu, imeneyo inatha. Ngakhale kuno palibe akuthira fulashi. Ana onse akusewera pa foni, amakoka okha. Ndilibe choti ndikuphunzitseni. Mukanalola nthawi ija, tikanadya limodzi chaka chija ndi chinzake. Zitatha tikanafuna china tili awiri. Zokonza mafonizi ndikanayambira pakhomo panu pomwepo."

"Ndamva," anatero a Symon. "Mupereke moni kwa mayi a mwana."

Kumayambiriro kwa 2019 anapereka makiyi kwa mwini malo. Anafukula mitsuko ija okha, anaika zimbale m'makatoni atatu, ndipo njinga ziwiri za shapa zinanyamula zonse ulendo umodzi. Anyamatawo anakana kulipidwa. Makatoniwo anakalowa pansi pa bedi. Mlungu wotsatira a Symon anatenga khasu n'kutsatira akazi awo kumunda, chakumadzulo kwa Ngabu, ndipo a Esinala anayenda patsogolo osacheuka, kuti amuna awo asaone kuti awaona.

Chaka chimenecho mapira anabereka bwino, ndipo mu Meyi mpheta zinatera ngati mtambo. A Esinala ankakuwa kuyambira m'mawa mpaka mawu kusasa, akuponya zibuma, akumenya chitini. Mayi wina wa munda woyandikana anali atapachika zimbale ziwiri zakale za nyimbo pa ndodo, ndipo zikazungulira ndi mphepo, kuwala kwake kunkabalalitsa mbalame. A Esinala anaona, koma anakhala masiku anayi osanena. A Symon nawo anaona.

Tsiku lachisanu anatuluka m'nyumba atasenza katoni imodzi, ndi chingwe cha thumba chomasula. Anakhoma ndodo kuzungulira munda, anamanga chingwe, n'kuyamba kupachika zimbale motalikirana mikono iwiri. Anayamba ndi za mpira, chifukwa ndi zimene zinali zambiri. Pofika masana munda wonse unkaphethira, ndipo mpheta zinazungulira kawiri m'mwamba n'kupita kwa ena. Alimi oyandikana anabwera kudzapempha. A Symon anayang'ana woyambayo nthawi yaitali, mpaka munthuyo anachita manyazi n'kuyamba kubwerera. Ndiye anamuitana, anamupatsa khumi, ndi winayo khumi.

Patapita mlungu, Lackson anadutsa panjira ya kumundako pa njinga yamoto. Vidiyo anali atatseka kalekale, tsopano ankagula mbuzi m'midzi. Anaima, anatsika, anagwira chimbale chimodzi pachingwe n'kuwerenga dzina lake.

"Ii, a Kampira! Iyi ndinaisinthapo katatu ine." Anayang'ana munda wonse akupukusa mutu. "Ndiye gemu imeneyi akuwina ndani, inu kapena mbalame?"

A Symon anaika khasu pansi, anapukuta thukuta ndi chipewa. Analoza ndi chibwano kumapeto kwa munda. Pa chingwe, pakati pa zimbale ziwiri zozungulira, panali mpheta zisanu ndi imodzi zitandanda, zikupuma.

"Masiku atatu oyamba zinaopa," anatero. "Tsopano zazolowera. Mayi a Pilira, bweretsani chitini chija."